Dimba la M'thumba M'chigwa cha Shire

Munthu wotsika phiri kuchokera ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala, akafika pamene msewu uyamba kukhotakhota kulinga ku Thabwa, chigwa chonse n'kuyalika pansi pake ngati mphasa, amaona zinthu ziwiri zimene mtima uvutika kuzigwirizanitsa: uko mtsinje wa Shire ukung'anima padzuwa, wodzala madzi ngakhale pakati pa chilimwe, minda ya nzimbe ili biriwiri m'mbali mwake, kuno, mtunda wosatha ola limodzi kuchokera kumadziko, midzi ili mbuu, mabwalo ali tetete, mbuzi zikukungudza makungwa a mitengo poti msipu unatha kale. Akatsika galimoto nakalowa m'mudzi umodzi mwa midziyo nthawi ya nkhomaliro, adzapeza kuti nkhawa imene mayi wa pakhomo agona nayo nadzuka nayo si ya ufa wokha ayi, komanso ya ndiwo. Pakuti nsima ya mapira, ingakhale yophikidwa ndi dzanja laluso chotani, sitsika yokha pakhosi.

Nkhawa imeneyi ndiyo yabala mchitidwe umene tayamba kuuona m'makomo ena a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, wobzala ndiwo zamasamba m'matumba, m'zigubu zodula pakati, m'mabeseni obooka ndi m'mitsuko yong'aluka, zonse zitandandalikidwa pakhonde kapena kuseri kwa nyumba. Alipo amene auyamika ngati kuti mankhwala a njala apezeka tsopano. Aliponso amene aupeputsa, nati amenewo ndi masanje a ana, oyenera anthu a m'tauni osowa pokhomera khasu. Ine ndinayesa ndi manja anga, ndinalephera, ndinayesanso, ndipo ndaona ena akupindula kundiposa. Chotero ndipempha kuti tiiunike nkhaniyi mosafulumira, tisanaikweze kapena kuigwetsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphika wa makolo athu m'chigwa muno unkakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba linali munda wa kumphala, kumtunda kouma, umene unkadikira mvula ya dzinja kuti ubale mapira ndi mchewere. Lachiwiri linali dimba la kudambo, kumene madzi osefukira akaphwa ankasiya matope achonde ndi chinyontho chokwanira kukhwimitsa chimanga, mbatata, maungu ndi nyemba popanda dontho la mvula. Lachitatu linali mtsinje weniweniwo ndi milamba ndi makakana ake. Umo ndi mmene David Livingstone anawapezera Amang'anja m'chaka cha 1859, akulima, akuomba nsalu za thonje lawo, akutcheza mchere m'dothi. Mvula ikakana, dimba linkaombola mudzi. Madzi akamiza dimba, mphala inkatsala. Elias Mandala, amene analemba mbiri ya ulimi wa m'chigwa chino m'buku lake la 1990, anasonyeza kuti pamene madzi a Tchiri, monga mtsinjewu utchulidwa ndi eni ake, anakwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 nameza madimba ochuluka a m'Dambo la Njovu, moyo wa mabanja unasokonekera kuyambira m'munda mpaka m'nyumba, ndipo amuna ambiri anauyamba ulendo wokafuna ntchito kunja.

Masiku athu ano mafuwa onse atatu akugwedera. Madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, onsewa anadza motsatizana, osapatsa mlimi mpata wopukuta thukuta; ndipo madzi a makono, potsika m'mapiri ometedwa mitengo kudzera mu Ruo, mu Mwanza, mu Thangadzi ndi mu Lalanje, sabwera ndi matope achonde okha monga kale, koma ndi mchenga umene ukwirira dimba n'kulisandutsa bwalo. Chaka cha 2024 thambo linakhwima, mbewu zinapserera, ndipo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi, athu awiriwa ali momwemo. Tionjezepo kuti dimba silili la munthu aliyense: malo ambiri achonde ali pansi pa nzimbe kuyambira pamene ulimi wa shuga unakhazikika ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, ena ndi odyetsera ng'ombe, ndipo amene ali nako kadimba kake kudambo agawana zokolola ndi mvuu usiku, natunga madzi maso ali pa ng'ona. Pakusowa zina, mabanja amira m'dambo kukazula nyika kuti ana agone atalawa kanthu.

Pamenepa ndiye thumba la ndiwo lipeza malo ake, ndipo tiyenera kuwadziwa malowo bwinobwino kuti tisalisenzetse katundu woposa msinkhu wake. Silili fuwa lachinayi. Ndi kamwala kamene mayi wanzeru apachika pansi pa mphika fuwa likapendekeka, kuti ndiwo zisatayikire pamoto. Ubwino wake uli poti mwini asankha yekha dothi, osalandira limene bwalo lampatsa; ndiwo zikwera pamwamba, kutali ndi madzi ongoyenda pansi; chigubu ndi beseni zinyamulika tsiku lothawa; ndipo koposa zonse, diso la mwini likhala pomwepo m'mawa ndi madzulo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mpiru wa kudimba la ulendo wa maola awiri, kapena wa pamsika wa Nchalo umene watsika pagalimoto kuchokera ku mapiri a ku Thyolo nufika utafota ndi mtengo wokwera, ndiwo wa pachala; bonongwe wa pakhonde ndiye wa pamphuno.

Ndifotokoze mmene ndinalepherera, popeza kulephera kwanga ndiko kumene kugwetsa ambiri. Ndinakumba dothi kuseri kwa nyumba, makande akuda aja odziwika m'dera la Ngabu, amene chilimwe ang'aluka mpaka phazi la mwana kulowa ndipo dzinja amata ngati ulimbo. Ndinalithira m'thumba la feteleza, ndinaoka mbande za repu, ndinathirira mokhulupirika. Sabata yoyamba madzi anangoima pamwamba, mizu ikubanika pansi. Sabata yachitatu dothi linauma gwa, nkulekana ndi thumba, kotero kuti madzi onse ankatsikira m'mbali osakhudza muzu ndi umodzi womwe. Mbande zinachita chikasu, zinafa. Makande m'munda ndi chuma, pakuti asunga chinyontho cha thonje ndi mapira. Koma akatsekeredwa m'thumba okhaokha asanduka njerwa.

Amene ananditsegula maso ndi azakhali anga, mayi wamasiye wokhala cha ku Bangula, amene madzi a 2019 anawalanda dimba. Ndinawapeza m'mawa wina atagwada pafupi ndi khola la mbuzi, milu itatu ili patsogolo pawo: dothi la pansi pa mtengo pamene masamba aolerana zaka ndi zaka, mchenga wa kukhwawa, ndi ndowe zakalekale zimene zinali zitafumbutuka ngati fodya wopera. Ndinafunsa kuti, "Azakhali, muyezo wake mumaudziwa bwanji?" Iwo anatapa dothi losakanizalo, nalinyowetsa pang'ono, nalifumbata, natambasula dzanja pamaso panga. "Taona, mwananga. Likagwirana ngati nsima, ndiye kuti mchenga wachepa. Likangoyoyoka, manyowa achepa. Lizigwirana, koma ukalikhudza ndi chala lizimwazika." Kenaka anaimika thumba, napinda milomo yake, naika pakati chitini chochotsa chivundikiro ndi tsinde lomwe, m'chitinimo anadzaza timiyala, kunja kwake anathira dothi, nakoka chitini m'mwamba, nabwerezanso chimodzimodzi kufikira thumba litadzala, kotero kuti pakati pake panatsala msana wa miyala woyambira pansi mpaka pamwamba. Madzi othiridwa pamiyalapo atsika ndi kugawikana m'mbali monse, osati kungonyowetsa pamutu pokha. Atatha anatenga mpeni, naboola m'nthiti mwa thumba mabowo otalikirana chikhatho chimodzi, mopingasa, nalowetsa mbande m'bowo lililonse ngati munthu wogoneka khanda. Malo amene pansi akanakwana mbewu zinayi ananyamula mbewu zoposa 20.

Za manyowa sitisowa m'chigwa muno, pakuti ng'ombe ndi mbuzi ndizo chuma chathu, ndipo makola ambiri angodzala ndowe zosagwira ntchito. Koma zikhale zowolerana, zozizira; zaziwisi zitentha mizu, zibweretsa mbozi, ndipo pa ndiwo zothyola lero n'kudya lero zingathe kutengera matenda m'mbale. Namasupuni, amene atsamwitsa madooko a Shire, akavuulidwa naunjikidwa kuti aole asanduka manyowa abwino. Alimi ambiri aphunziranso manyowa a Mbeya, osakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza wochepa, n'kuzimanga m'thumba masabata atatu. Kadzanja kamodzi ka amenewa kakwanira thumba la ndiwo kwa nthawi. Chofunika kukumbukira ndi ichi: mbewu ya m'munda ikamva njala itumiza mizu kutali kukafuna chakudya, koma ya m'thumba ili ngati mlendo m'nyumba, idya chokhacho chimene mwini nyumba waika pamphasa. Pakatha masabata angapo a kuthyola, dothi litopa, ndipo liyenera kudyetsedwanso, kaya ndi manyowa ouma pamwamba, kaya ndi madzi amene munaviikidwa ndowe masiku angapo, osungunulidwa kufikira aoneke ngati tiyi wopepuka, othiridwa padothi osati pamasamba.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani, ndipo apa ndipempha owerenga andilole ndikhalitsepo, chifukwa ambiri olimbikitsa ulimi umenewu apadumpha msangamsanga. Madzi. Amanena kuti thumba lisunga madzi, ndipo nzoona ngati tiliyerekeza ndi bedi la pansi la mbewu zochuluka chimodzimodzi, pamene madzi ambiri alowerera kumene kulibe muzu. Koma dothi la m'thumba ndi lochepa, dzuwa liliomba pamutu ndi m'nthiti momwe, ndipo m'chigwa chimene chili pansi kuposa dera lina lililonse m'Malawi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kupitirira madigiri 40, thumba losathiriridwa masiku awiri lifanana ndi msatsi wa Yona wa m'Baibulo, wokondweretsa dzulo, wofota lero. Pakhomo panga thumba limodzi lodzala mbewu linkamwa malita ngati 5 pa tsiku m'miyezi imeneyo. Matumba asanu ndi atatu ndiye kuti malita 40, zigubu ziwiri za malita 20, tsiku ndi tsiku, Sabata lomwe. Kodi zigubu ziwirizo zikwera pamutu pa yani? Zikwera pamutu pa mayi yemweyo amene watunga kale akumwa, ophikira, osamba ndi ochapira, amene waima pamzere kumjigo kuyambira tambala woyamba. Kapena pamutu pa mwana wamkazi amene anayenera kukhala m'kalasi. Aliyense wofika m'mudzi ndi uthenga wa matumba a ndiwo, asanawerenge matumba ayambe wawerenga mapazi a pakati pa khonde ndi mjigo. Akapanda kutero, wabweretsa goli m'dzina la mphatso.

Ndipo madziwo akhale otani? Apa chigwa chathu chili ndi vuto limene a kumapiri salidziwa. Mchere uja amayi a Chimang'anja ankatcheza m'dothi sunapite kulikonse. Uli pansi pathu, ndipo mijigo yambiri ya m'maboma awiriwa itulutsa madzi olawa mchere, ena mpaka osamweka. Madzi oterewa akathiridwa m'thumba, dzuwa likoka madzi nkusiya mchere. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, kufikira pamwamba pa dothi ndi m'milomo ya mabowo paoneke zoyera ngati ufa. Pamenepo mbewu ifota ngakhale dothi lili lonyowa, chifukwa mchere ukaniza muzu kumwa, ndipo nsonga za masamba zipsa ngati zawaulidwa. M'munda mvula ya dzinja itsuka mchere nkuutsitsa pansi. M'chiwiya mulibe kothawira ngati mwini sanaboole pansi. N'chifukwa chake chigubu, ndowa kapena beseni lililonse liyenera kukhala ndi mabowo kutsinde, ndipo kamodzi pa masabata awiri kapena atatu lithiridwe madzi okoma ochuluka, kufikira atuluke pansi ndi mchere wawo. Kumene mjigo uli wamchere kwambiri, nkwabwino kunena zoona poyera: ulimi umenewu ukhale wa miyezi imene madzi a mvula kapena a mtsinje ali pafupi, ndipo dothi lisinthidwe chaka ndi chaka.

Madzi ogwira kale ntchito apepuza mtolo, koma asankhidwe. Otsukira mpunga, otsukira ndiwo, otsukuluzira mbale ndi makapu, onsewa ndi abwino, ndipo nkulakwa kuwakhuthulira pabwalo. A sopo wambiri aonjezera mchere womwe tikuuthawa. Ochapira matewera kapena zovala za wodwala asayandikire n'komwe, pakuti sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023. Palinso nzeru ina yakale, yodziwika m'maiko ouma a kumpoto kwa Africa ndi ku China, imene iyenera dziko la oumba mbiya ngati lathu: kukwirira kamtsuko kadothi pakati pa beseni kapena tayala, khosi lokha lili kunja, ndi kumadzaza madzi m'menemo. Mtsuko, monga tonse tidziwa, utuluka thukuta. Thukuta limenelo ndilo mizu iyamwa, pang'onopang'ono, monga mwa ludzu lake, dzuwa osalandako kanthu. Pakamwa pake pavundikiridwe ndi phale, kuti udzudzu usapezepo poikira mazira, popeza malungo ali kale okwanira pakati pathu. Pamwamba pa dothi paphimbidwe ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza, ndipo matumba aime kum'mawa kwa nyumba kapena pansi pa mthunzi wopyapyala, kuti alandire dzuwa la m'mawa napulumuke la masana. Chigubu chakuda chosiyidwa padzuwa la Novembala chiphika mizu. Chikulungidwe ndi chiguduli kapena mphasa yakutha.

Nanga tibzalemo chiyani? Pano ndili ndi dandaulo. Kawirikawiri timapepala ta mbewu timene tifika m'midzi ndi ta kabichi, repu, tchainizi, karoti ndi tomato, mbewu zokonda mphepo yozizira ya ku Bvumbwe ndi ku Dedza. Ndipo zikafa mu Okutobala, mlandu ugwera mayi kuti sanasamale. Zimenezi zili ndi nyengo yake kuno, kuyambira Epulo kapena Meyi kufikira Ogasiti, pamene mwera uomba ndipo usiku uzizira. Mpiru ndi repu zichita bwino m'thumba miyezi imeneyo, anyezi wa masamba achita bwino m'beseni, ndipo tomato mmodzi m'chigubu chake chake, atapatsidwa mtengo wotsamira, abala mokondweretsa. Koma kutentha kukafika cha m'madigiri 35, maluwa a tomato ayoyoka osagwira chipatso, ndipo akangaude ofiira aja ang'onoang'ono amanga ukonde kunsi kwa masamba nawaumitsa. Kabichi ndiye asayesedwe n'komwe: akhala miyezi itatu akumwa madzi a banja, nkupereka mutu umodzi wodya tsiku limodzi.

Ndiwo za chilimwe ndi zomwe zija agogo athu ankatola m'munda, zina osazibzala n'komwe, zimene ena a ife tinaphunzira kuzichitira manyazi titapita kusukulu: bonongwe, luni, denje, chisoso, chitambe cha khobwe, kholowa wa mbatata, therere lobala. Izi zinazolowera dzuwa lomweli. Bonongwe afika pothyola pasanathe mwezi, ndipo ukamtsina nsonga aphukira nthambi ziwiri. Kholowa ayanga kutsika m'nthiti mwa thumba nalitchinjiriza ku dzuwa ndi masamba ake omwe. Khobwe apirira ludzu kuposa zonse, nakometsa dothi limene wameramo. Pa zakudya zomanga ndi kuteteza thupi, masamba obiriwira kwambiri amenewa aposa kabichi kutalitali. Ndiponso mbewu yake sigulidwa kusitolo: bonongwe mmodzi wosiyidwa kuti akhwime apereka njere zokwanira mudzi, ndipo nkhalamba iliyonse idziwa kuzisunga m'chiguduli chopachika kutsindwi pamene utsi uzitchinjiriza ku tizilombo. Dimba lodikira kapepala ka mbewu kochokera kubungwe lifa tsiku limene bungwelo lipakira katundu. Dimba la mbewu ya m'tsindwi lidzuka chaka ndi chaka.

Ndisapitirire osatchula abale awiri a thumba amene aliposa pa kupirira. Woyamba ndi chammwamba, chimene Asena atcha sangowa, mtengo umene umera pongozika nthambi, nupereka masamba a ndiwo osapempha chigubu cha madzi ukangogwira. Khomo lopanda mtengo umenewu liyambe ndi iwo lisanafune thumba. Wachiwiri ndi mfutso: nkhwani ndi chitambe cha dzinja, zofutsidwa, zoyanikidwa ndi kusungidwa m'chikwatu, ndizo zinkaolotsa makolo chilimwe. Thumba libwere kudzathandizana ndi amenewa, osati kudzawalanda malo.

Adani a dimba la pakhonde ndi a pakhomo pomwe. Mbuzi imodzi yongotayirira itha ntchito ya miyezi iwiri pa kanthawi kosakwana kuphika nsima, ndipo nkhuku zipalasa mbande zonse. Motero pafunika kampanda ka bango kapena ka minga, kapena nsanja yokwezera mabeseni ndi zigubu, imenenso ithandiza tsiku limene madzi alowa pabwalo. Nsabwe za m'masamba zigonja ku phulusa ndi ku madzi a masamba a nimu osinja, mtengo umene uli ponseponse kuno. Mbozi zitoledwa ndi zala, poti dimba lake ndi laling'ono. Koma chenjezo limodzi ndilinena ndi mawu okweza, popeza tili m'dziko la thonje: chigubu kapena botolo limene munali mankhwala opopera thonje kapena osambitsira ng'ombe lisasanduke dimba, ngakhale litatsukidwa kangati, ndipo mankhwala a thonje asapoperedwe pa ndiwo zimene mwana adzadya mawa. Thumba lenilenilo nalonso silikhalitsa. Dzuwa la kuno lilifumbutula pasanathe chaka, ndipo nyenyeswa zake zikasiyidwa pabwalo zilowa m'mimba mwa mbuzi. Mtsuko wong'aluka, dengu lakutha lomatidwa, kapena bwato wobooka umene sungaolotsenso munthu, zikhalitsa kuposa.

Nzeru imeneyi si yathu yokha. Ku Kibera, m'mzinda wa Nairobi, kumene nyumba zathinana kotero kuti palibe poponda khasu, mabanja ambiri alima ndiwo m'matumba oimika a miyala pakati, onga aja a azakhali anga. Ku Lesotho amanga kadimba kozungulira ka miyala, kofika m'chiuno, kokhala ndi dengu la zinyalala zowola pakati pake, kuti okalamba ndi odwala alime osawerama. Ku Bangladesh, dziko la madzi osefukira ngati lathu, aunjika namasupuni yemweyu n'kupanga madimba oyandama, okwera ndi kutsika pamodzi ndi madzi. Aliyense anayankha funso la kwawo: wina anasowa malo, wina mphamvu, wina mtunda wouma. Funso lathu ndi lina, ndilo la madzi okoma apafupi, ndi la dzuwa. Ndipo wotengera nzeru ya ku Nairobi, mzinda wa pamwamba pozizira, osaiyeza ndi dzuwa la ku Nsanje, adzadabwa pachabe.

Kodi tsono phindu lake lifika pati? Tinene mosakuza. Matumba anayi kapena asanu osamalidwa bwino apatsa banja ndiwo zamasamba kangapo pa sabata. Sadzaza nkhokwe, salipira sukulu, sabweza dimba lokwiririka. A bungwe la zaumoyo la dziko lonse amati munthu adye magalamu 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba pa tsiku, ndipo thumba lokha silingafikitse banja la anthu asanu ndi mmodzi pamenepo. Komatu kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikubwera ndi kuchepa kwa nsima kokha, komanso ndi mbale imene isowa magulu ena mwa asanu ndi limodzi aja alangizi a zaumoyo atiphunzitsa kusikelo. Kadzanja ka bonongwe wotendera, kosinjidwa m'phala la mwana katatu pa sabata m'miyezi imene bwalo lili mbuu, si kanthu kakang'ono kwa mwanayo. Ndipo alipo anthu amene kwa iwo thumba ndilo dimba lokhalo limene angakhale nalo: ochita lendi ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, okalamba ndi olumala amene sangafike kudambo, ndi iwo amene madzi anawathamangitsa nakhala miyezi m'misasa, kapena anasamutsidwira kumtunda kumene anapatsidwa poika nyumba koma osati polima. Ndinaona azakhali anga, madzulo ena, akuthyola chitambe pakhonde nkugawirako mnansi amene anadzapempha moto. Nkhope yawo inali ya munthu amene wabwezeredwa ulemu wake, pakuti kwathu kuno wosakhoza kupatsa mnzake ndiwo adziyesa mlendo m'mudzi mwake momwe.

Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, yofuna kuthirira mahekitala oposa 40,000 a m'chigwa, ndiyo ya msinkhu wa vuto lathu, pamodzi ndi kubwezeretsa mitengo m'mapiri ndi kugawa malo mwachilungamo. Ndipo kwa olamulira ndi mabungwe pempho langa ndi lakuti asayese kuti pogawa matumba ndi timapepala ta mbewu abweza ngongole imeneyo. Ngati afuna kuti ndiwo zimere pamakonde athu, atifikitsire madzi okoma pafupi ndi midzi, kaya ndi mipopi, kaya ndi zosungiramo madzi a padenga, ndipo pobwera ayambe afunsa amayi kuti mjigo wawo ulawa bwanji ndi kuti mbewu za m'tsindwi mwawo ndi ziti.

Kwa inu amayi ndi abambo a m'chigwa amene mwawerenga kufikira pano, ndinena monga mbale wanu: musayambe ndi matumba khumi, ndipo musayambe mu Okutobala. Dikirani mvula ikate, mwera uyambe. Konzani matumba awiri okha, limodzi la mpiru, lina la bonongwe ndi khobwe, muwaimike kum'mawa kwa nyumba, mkati mwa mpanda, pafupi ndi pamene mutsukira mbale. Mukaona kuti madzi a pakhomo panu awakwanira popanda kuonjezera ulendo wa kumjigo, pamenepo sokani lachitatu.